WeChat pa Ubuntu patatha miyezi ndikuigwiritsa ntchito

Amene amaoda katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu akudziwa kale kuti wogulitsa wa kumeneko kawirikawiri simungamupeze pa WhatsApp, chifukwa ku China ndi yotsekedwa. Mitengo, zithunzi za katundu, mapepala olipirira ndi nambala ya kontena, zonsezi zimadzera pa WeChat, pulogalamu ya kampani ya Tencent ya mumzinda wa Shenzhen imene inatuluka mu 2011. Ine ndimaoda zipangizo za sola, ndipo laputopu yanga imayendera Ubuntu 24.04, mtundu wina wa Linux, osati Windows. Nditangoika WeChat pa laputopuyi ndinati ikuoneka bwino koma tidikire kaye. Tsopano miyezi yapitapo ndithu, ndipo ndinganene kuti ntchito ikugwirika, ngakhale pali zina zofunika kuzidziwa musanaidalire.

Kwa zaka zambiri anthu a Linux ankavutika nayo. Ena ankaiyendetsa kudzera pa Wine, pulogalamu imene imachititsa kuti za Windows ziyende pa Linux, koma inkangodzitseka yokha ndipo zilembo za Chitchaina zinkasanduka timabokosi. Ya pa burawuza nayo inkakana maakaunti ambiri. Mu November 2024 mpamene Tencent inatsegula tsamba la linux.weixin.qq.com n'kuikapo WeChat 4.0 yopangidwira Linux penipeni, m'mitundu ya mafayilo oikira pulogalamu yotchedwa deb, rpm ndi AppImage. Mnzake QQ, pulogalamu ina yochezerana ya Tencent, anali atatsogola kale pa Linux mu December 2022. Tisadzinamize kuti anatiganizira ife: maofesi a boma ku China akusamukira ku mitundu yawoyawo ya Linux monga UOS ndi Kylin, ndipo patsambapo pali ngakhale ya LoongArch, ya makompyuta oyendera tchipi cha Loongson chimene kuno sitichiona n'komwe. Ife tangodyerapo.

Phindu lalikulu ndi kiyibodi. Kukambirana mtengo wa mabatire ndi mainiveta pa kasikirini ka foni n'kotopetsa, pamene pa laputopu ndimatsegula tebulo la mitengo mu LibreOffice mbali imodzi, WeChat mbali inayo, n'kumakoka fayilo kuiponya m'macheza. Uthenga wa Chitchaina ndimaudina ndi batani lakumanja la mausi n'kuumasulira m'Chingerezi pomwepo. Kumasulirako nthawi zina kumasokoneza mayina a zipangizo, choncho nambala ya modelo ndi chithunzi ndiye ndimazikhulupirira kuposa mawu. Kuimbirana, kaya mawu okha kaya vidiyo, kumayenda bwino malinga netiweki ilipo. Ku China ali patsogolo ndi maola 6, ndiye ikamakwana 8 koloko m'mawa kuno, kwawo ndi 2 koloko masana. M'mawa wonse laputopu imakhala yotsegula chifukwa tikafika masana iwo aweruka.

Komabe mwini nyumba ndi foni, laputopu ndi mlendo chabe. Simungalowe popanda kusikana kachizindikiro ka QR kapena kuvomereza pa foni. Tsiku limene magetsi azima foni n'kutha moto, laputopu ikhoza kukhala yodzaza koma ngati munatuluka mu akaunti, mudikira. Zolipira za WeChat Pay nazonso zimathera pa foni. Ogulitsa ambiri amakonda kutumiza mauthenga a mawu, aliwonse mpaka masekondi 60, otsatizana ngati asanu, ndipo amenewo ndimawasandutsa zolemba pa foni kenako n'kumasulira.

Chinthu chimene miyezi yokha ingakuphunzitseni ndi nkhani ya mafayilo. WeChat sisunga zinthu pa seva mpaka kalekale monga imachitira Telegram. Fayilo kapena chithunzi chimene simunachitsegule chimatha nthawi pakapita masiku, ndipo macheza akale a pa foni saonekera onse pa laputopu, amabwera atsopano okha. Pepala lolipirira likangofika ndimalisunga mufoda yangayanga nthawi yomweyo, n'kulipatsa dzina la wogulitsa ndi deti. Pa malonda amene katundu amatha miyezi ali panyanja asanafike ku Beira kapena ku Dar es Salaam, umboni wa zimene munagwirizana umafunika nthawi imene simukuyembekezera.

Zovuta zing'onozing'ono zilipo, zambiri zochokera ku mbali ya Linux. Ubuntu 24.04 imayendera Wayland, pulogalamu imene imaonetsa zinthu pa sikirini, ndipo kumeneko kujambula sikirini ndi batani la mu WeChat sikudalirika, ndiye ndimangodina Print Screen n'kumata chithunzicho m'macheza. Amene mukufuna kulemba Chitchaina, mwina ophunzira amene munabwerako ku Beijing kapena ku Wuhan, ikani fcitx5, pulogalamu yolembera zilembo zotere, n'kutchera QT_IM_MODULE=fcitx ngati zilembo zikukana kutuluka. Deb imene mwaitenga patsamba sidzikonza yokha ndi apt, chida cha Ubuntu chobweretsera mapulogalamu atsopano, muyenera kukatenganso yatsopano, ndipo bandulo imamva.

Chimene chinandikhalitsa pansi kuganiza ndi chinsinsi. Ambiri a ife tinasankha Linux chifukwa aliyense akhoza kuona mmene inalembedwera. WeChat si choncho, ndi yotseka, ndipo mauthenga ake sabisidwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira monga zilili pa Signal kapena WhatsApp. Mu May 2020 akatswiri a Citizen Lab a pa University of Toronto anaonetsa kuti zithunzi ndi mafayilo otumizidwa ndi maakaunti olembetsedwa kunja kwa China nazonso zimaunikidwa. Mitengo ya sola ilibe chobisa, koma sindifuna kuti pulogalamu yotereyi izitha kuyendayenda mufoda iliyonse ya laputopu imene ndimasungiramo za kubanki ndi za misonkho.

N'chifukwa chake ndinachotsa deb ija n'kuika ya Flatpak, njira yoikira pulogalamu mumpanda wakewake, imene ndinaitenga pa sitolo ya mapulogalamu ya Flathub. Imeneyi amaikonza ndi anthu ongodzipereka, osati Tencent, koma pulogalamu yake ndi yomweyo, imadzikonza limodzi ndi ma Flatpak ena, ndipo ndi Flatseal, kapulogalamu kosinthira zilolezo za ma Flatpak, ndinaitsekera kuti izingoona foda imodzi. Vuto lake ndi loti fayilo iliyonse yoti nditumize ndiyambe ndaikopera mufoda imeneyo, apo ayi kukoka n'kuponya kumakana. Sabata yoyamba zinkandinyansa, pano dzanja linazolowera. Za pabanja ndi za ndalama za kuno zimadzera kwina, WeChat yatsala ya ogulitsa ndi ajenti wa kontena basi.