Kalata ya GSoC kapena kachigamba ka code: wophunzira wa ku Tete ayambire pati?

Wophunzira wa ku Ulónguè kapena Moatize wofuna kuthandiza nawo kupanga gemu ya open source (yomwe code yake aliyense angaione ndi kuisintha) ali ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi Google Summer of Code (GSoC), pulogalamu ya Google yolowetsa anthu atsopano m'ntchito za open source, yomwe idayamba mu 2005. Mumafunika kukhala ndi zaka 18 kapena kuposerapo, n'kulemba pempho la ntchito ya maola 90, 175 kapena 350. ScummVM, pulogalamu yoseweretsa magemu akale, yakhala ikulandira ophunzira kudzera m'njirayi. Pali malipiro, koma pempho limalandiridwa kamodzi pachaka. Ambiri amagwa chifukwa cholonjeza zazikulu popanda ndondomeko ya sabata iliyonse, pomwe owayang'anira sanaonepo code yawo n'komwe.

Yachiwiri ndi kungoyamba. Tengani gemu ngati SuperTuxKart pa GitHub (webusaiti yosungirapo code), chitani fork (kukopera code yake mu akaunti yanu), imangeni pa kompyuta yanu mpaka iyende, konzani vuto limodzi laling'ono, kenako tumizani pull request (pempho loti eni gemu alandire chigamba chanucho). Ndalama palibe, koma khomo ndi lotsegula chaka chonse. Apa chopweteka ndi intaneti: mafayilo a zithunzi ndi mawu ndi olemera ndipo a SuperTuxKart amatsitsidwa padera, koma potsitsa code gwiritsani ntchito `git clone --depth 1` (lamulo losiya mbiri yakale ya code) kuti bandulo ya Movitel isathe msanga. Pull request yosakaniza zosintha zisanu imabwezedwa kawirikawiri, tumizani chimodzichimodzi.

Ife timati yambani ndi yachiwiri. Zigamba ziwiri zikalandiridwa, muziike m'pempho la GSoC.