AutoCAD Kapena Revit: Wophunzira Kujambula Mapulani a Nyumba Ayambe ndi Iti?

AutoCAD, imene kampani ya Autodesk inatulutsa mu 1982, ili ngati pepala ndi pensulo zimene zalowa mu kompyuta. Wophunzira amajambula khoma ngati mizere iwiri yoyandikana, ndipo pulogalamuyo sidziwa n'komwe kuti limenelo ndi khoma. Akasuntha zenera pa pulani ya pansi, ayenera kukalisunthanso yekha pa chithunzi cha kumaso kwa nyumba, ndipo akaiwala, zojambula ziwirizo zimatsutsana. Ntchito yake ndi yotopetsa ndithu, koma ine ndimaona kuti kubwerezabwereza kumeneku n'kumene kumaphunzitsa munthu kusamala miyezo ndi kuwerenga pulani bwinobwino.

Revit, imene inatuluka mu 2000 ndipo Autodesk inaigula mu 2002, imayenda mwanjira ina. Wophunzira amamanga nyumba yonse mu 3D, khoma lililonse lili ndi kunenepa kwake, kutalika kwake ndi zipangizo zake, moti akasuntha zenera lija, pulani, chithunzi cha kumaso ndi mndandanda wa mazenera zimasinthira limodzi. Komabe imagwira pa Windows pokha, ndipo laputopu yakale imachita kukwawa nayo. Choopsa kwambiri n'chakuti imalola munthu kufolera denga lokongola asanadziwe momwe mitengo ya dengalo imakhalira pakhoma.

Pa nkhani ya ndalama palibe kusiyana, popeza Autodesk imapereka mapulogalamu onsewa kwaulere kwa ophunzira kwa chaka chimodzi, ndipo chilolezocho chimawonjezedwa ngati munthu akadali pasukulu. Wa chaka choyamba ndingamulangize AutoCAD, Revit idzabwere akayamba maphunziro a kamangidwe.