Miyezi 14 tikuphikira biogas kuno ku Dedza

Thanki yathu ya biogas, gasi wophikira wochokera ku ndowe ndi zotsala zikamaola, tinaimanga mu Epulo chaka chatha, ndiye chisanu chino ndi chachiwiri kuiona ikugwira ntchito. Ndi ija ya njerwa yokwirira pansi, ya denga lozungulira ngati mphika wovundikira, mamangidwe omwe anafala kwambiri ku China. Polowera pali pawiri: pena timathirapo zotsala za kukhitchini ndi ndowe, pena pamalowa paipi yochokera kuchimbudzi.

Tinayamba ndi ndowe za ng'ombe zosakaniza ndi madzi muyezo wofanana. Gasi woyamba anabwera patatha masabata atatu, koma machesi anatha osayaka. Mmisiri anati timutulutse, popeza woyambayo amachuluka carbon dioxide, mpweya wosayaka. Gasi wakupsa bwino amakhala ndi methane pakati pa 50 ndi 70 peresenti, ndipo woyaka ndi ameneyo. Patapita masiku ochepa lawi labuluu linatuluka, lopanda utsi. Mapoto athu sanadenso kunsi.

Chomwe sindinamvetse poyamba nchakuti thankiyi ndi mimba. Muli mabakiteriya omwe amakhala mosalowa mpweya. Ena amaphwanya chakudya nkupanga asidi, ndipo ndi achangu; ena amasandutsa asidiyo kukhala methane, koma amaswana pang'onopang'ono ndipo sachedwa kufooka. Ndinaphunzira izi ndi chinkhoswe cha mwana wa achemwali mu Seputembala. Mkute, mpunga wotsala, msuzi wamafuta, zonse ndinakhuthulira momwemo, ndowa zisanu tsiku limodzi, ndikuti mawa tiphika mpaka usiku. Sabata isanathe lawi linayamba kuzimazima, ndipo potulukira pankamveka fungo lowawasa ngati thobwa losasa. Asidi anali atachuluka. Tinasiya kuthira zakukhitchini masabata awiri, tinaonjezera ndowe zatsopano ndi madzi a laimu wopakira nyumba pang'ono, ndipo inadzuka. Kuyambira pamenepo ndimaipatsa ndowa imodzi tsiku lililonse, makoko a mbatata ndi nthochi nditaduladula. Mafupa, zikamba za mazira ndi zitsononkho sizilowamo.

Vuto lomwe silichoka ndi kuzizira. Mabakiteriyawa amasangalala pa madigiri cha m'ma 35, ndipo aliyense wodziwa Dedza mu Juni ndi Julaye akudziwa kuti m'mawa ngakhale zala zimakana kugwira khasu. Mu Okutobala timaphika maola atatu pa tsiku: phala, nsima kawiri, ndiwo. Panopa ndi ola limodzi ndi theka basi. Chaka chino ndafunditsa thanki ndi mapesi ndipo madzi osakanizira ndimayamba ndawaika padzuwa mpaka masana, zathandizako. Nyemba zokha zikadali za pambaula. Thumba la makala lomwe linkatha pa masabata atatu tsopano limatifikitsa miyezi iwiri nthawi yotentha, ndipo amene akukuuzani kuti mbaula mudzaitaya sakunena zonse.

Zing'onozing'ono ziliponso. Gasi amatuluka ndi chinyezi chomwe chimasanduka madzi m'paipi. Lawi likayamba kudumphadumpha ndimadziwa kuti nthawi yotsegula kampopi kotayira madzi yakwana. Fungo la dzira lovunda limachokera ku mpweya wina wa m'gasimo wotchedwa hydrogen sulphide, yemwenso amadya chitsulo cha sitovu. Waya wokwechera mapoto woika m'kabotolo ka paipi amamugwira, bola kumusintha akada.

Nkhani ya chimbudzi ndi yomwe inavuta pakhomo. Apongozi anga atabwera mu Meyi chaka chathacho anakana nsima, amvekere, "Ine zophikira zakuchimbudzi ayi." Sindinawatsutse. Mawa lake ndinawatengera kuseri, ndinawaonetsa kuti chofika kukhitchini ndi mpweya wokha, ndinayatsa sitovu, iwo nkuyandikira kununkhiza. Madzulo anadya. Ndipo kunena zoona paipi ya kuchimbudziyo ndi yomwe imasunga moto, chifukwa imadyetsa thanki tsiku ndi tsiku ngakhale ine nditachokapo. Chofunika nkusathiramo klorini kapena sopo wambiri, popeza amapha mabakiteriya aja. Timatsuka ndi madzi ndi burashi.

Pa manyowa otuluka ndimaumirira kwambiri, chifukwa anthu amawatenga mopepuka akaona kuti sakununkha. Mazira a njoka zam'mimba safa onse m'thanki yozizira ngati yathuyi. Ndiye ine ndimawathira ku nthochi ndi kuchimanga, kapena ndimawasakaniza ndi zinyalala aole miyezi ingapo. Ku mpiru, tomato ndi kabichi wam'dimba sindiwafikitsako. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chaka chino chinabiriwira ndi theka la feteleza yemwe ndinkathira kale.

Nditati ndimangenso, ndingamange ndithu, koma osati pansi pa mtengo wa mapeyala pomwe ili pano. Ndinasankha malowo pofuna kufupikitsa paipi, osaganiza kuti mthunzi udzatidyera gasi miyezi itatu chaka chilichonse. Loweruka likubwerali tikudula nthambi za mbali ya kum'mawa.