Makobidi a ku Germany ndi ku Zimbabwe ndi enieni, koma achimwene lekani kuwakwecha

Ndinaitanitsa ndalama zachitsulo zinayi kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene amatsatsa pa Facebook. Ndinalipira pa foni Lolemba, Lachitatu kondakitala wa minibasi anandipatsira kaenvulopu kanga pa depoti ya Dedza. Pamenepo ndilibe nawo mawu.

Ziwiri ndi za ku Germany za 1923, ya 200 mark ndi ya 500 mark, zonse za aluminiyamu. Ya 200 ija ndi yopepuka ngati chitsekerero cha Fanta, moti mayi a kunyumba ataiika pachikhatho anaseka n'kuti, "Bambo a Chisomo, akuberani apa." Sanandibere. Chaka chimenecho ndalama ya dziko lija inkagwa tsiku ndi tsiku, ndipo pofika mu Novembala dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi 4.2 thililiyoni mark. Kakhobidi ka 200 kakanagula chiyani? Ngakhale mchere wa pachala ayi.

Zimene ndinkazifunitsitsa ndi za ku Zimbabwe, ya $10 yokhala ndi njati ndi ya $25. Zinalembedwa chaka cha 2003, koma anthu anayamba kuzigwira mu Ogasiti 2008, pamene Gideon Gono, mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo, anadula maziro 10 pa ndalama zawo. Sizinakhalitse. Mu Januwale 2009 kunatuluka ndalama yapepala ya madola 100 thililiyoni, kenako anthu anangotembenukira ku dola ya ku America ndi randi. Malume anga ankadutsa ku Nyamapanda popita ku Joni nthawi imeneyo, ankabwera ndi mapepala odzaza jumbo, ana tikumaseweretsa ngati makadi. Zachitsulozi sindinazionepo, n'chifukwa chake mtima unali dyokodyoko.

Dandaulo langa lili pa ya $25. Achimwene ogulitsa, munaikwecha kuti iwale, mwina ndi sitiliwulo, ndipo ukaiyang'ana padzuwa mikwingwirima ili mbwee, ngati poto wotsukidwa ndi mchenga. Wosonkha makobidi amafuna ndalama mmene inakalambira. Pachithunzi chomwe munanditumizira pa WhatsApp zimenezi sizinkaoneka.

Timatumba tapulasitiki tomwe munaikamo natonso n'topyapyala, kamodzi kanafika kong'ambika. Ndi chinyezi cha kuno ku Dedza mwezi wa Juni, ndazisamutsira m'kabotolo kouma kotseka bwino, iliyonse m'kapepala kake.

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndidzagulanso mukapeza ya 5,000 meticais ya ku Mozambique ya chisanafike chaka cha 2006, koma musaikhudze ndi chilichonse.