Hilux, Ranger kapena Isuzu: Yokokera Katundu Wolemera Ndi Iti?

Ogulitsa akakuuzani kuti pikapu imakoka makilogalamu 3,500, musafulumire kutulutsa ndalama. Nambala imeneyi mudzaipeza pa Ford Ranger 3.2, pa Isuzu D-Max 3.0 komanso pa Toyota Hilux 2.8 zina zatsopano (3.2, 3.0 ndi 2.8 ndi kukula kwa injini m'malita), koma imagwira ntchito pokhapokha ngoloyo ili ndi mabuleki akeake. Ngolo yopanda mabuleki, ngati zambiri zimene amawotcherera anzathu m'misika, malire ake ndi makilogalamu 750 basi, kuwerengera ndi chitsulo cha ngoloyo. Palinso malire ena amene ambiri sawatchula: galimoto, ngolo, anthu ndi katundu zonse pamodzi zisapitirire makilogalamu pafupifupi 6,000. Ranger ya zitseko zinayi payokha imalemera cha m'ma 2,200. Mukamangirira ngolo ya 3,500, zotsala ndi dalaivala, womuthandiza ndi matumba atatu a feteleza. Choncho pa nambala yokha atatuwa safuna kusiyana. Kusiyana kwawo kumaonekera pachitunda ndi kugalaja.

Pachitunda, Ranger 3.2 ndi imene imapepukitsa katundu. Injini yake ya masilinda asanu, imene inabwera mu 2011, imatulutsa mphamvu ya 147 kW ndi mphamvu yopotokola ya 470 Nm, ndipo mphamvuyo imabwera injini isanayambe kukuwa. Kukwera Chiweta kuchokera kunyanja muli ndi ngolo kumbuyo, simusinthasintha magiya ngati mmene mungachitire ndi Hilux ya injini yakale ya D-4D. Mkati mwake mumakhalanso bwino, ulendo wautali sutopetsa msana.

Koma injini imeneyi imafuna makaniko woidziwa, ndipo apa ndipemphe eni Ranger amvetsere. Pampu ya oyilo ya 3.2, ngakhalenso ya mng'ono wake 2.2, ikatsala youma kwa nthawi yaitali imatha kulephera kukokanso oyilo. N'chifukwa chake amalangiza kuti posintha oyilo, kuchokera potsegula bawuti ya pansi mpaka pothira watsopano pasapitirire mphindi 10. Tsono taganizirani mmene sevisi imayendera m'magalaja ambiri kwathu kuno. Makaniko amatsegula bawuti, oyilo wakuda n'kumatsikira m'beseni, kenako amatuma mnyamata kuti akagule fyuluta kushopu. Mnyamata akachedwa, iye amayamba kaye kuona galimoto ina. Pa Hilux palibe cholakwika pamenepo, ndipo ena amatero dala kuti zoipa zonse zituluke. Pa Ranger, mukaliza injini nyali ya oyilo osazima, masekondi ochepa ndi okwanira kudya mabeyaringi. Oyilo ndi fyuluta zikhale pambali penipeni bawuti isanatsegulidwe, ndipo inuyo mwini galimoto muime pomwepo. Chinanso choyang'anira ndi EGR cooler (yoziziritsa utsi wobwerera mu injini), imene ikabooka imameza madzi a rediyeta mwakachetechete, pansi osaoneka dontho. Madzi akamatsika popanda chifukwa, musangowonjezera.

Ranger 2.0 Bi-Turbo imene inafika mu 2019 ndi yamphamvu kuposa apa, 157 kW ndi 500 Nm, koma lamba wake wa timing (woyendetsa mavalavu) amayenda m'kati mwa oyilo. Mukathira oyilo wosayenera lambayo amafumbutuka, zidutswa zake n'kutseka sefa ya pampu. Kwa munthu amene amagula oyilo aliyense amene wapezeka tsiku limenelo, injini imeneyi sindingamulimbikitse. Ranger V6 ya malita atatu ya 600 Nm imakoka kuposa zonse, koma ndi ochepa amene thumba lawo lingaifikire.

Hilux imapambana pa chinthu chimene sichilembedwa papepala: kulikonse kumene ingakufereni, wina amaidziwa. Ku Biwi mu Lilongwe, ku Ndirande, ngakhale pa boma la kutali ngati Chitipa, masipeya a D-4D amapezeka, atsopano kapena ochotsa ku ina yogundidwa. Injini za D-4D, 2KD ya malita 2.5 ndi 1KD ya malita atatu, zinayenda mu Hilux kuyambira cha m'ma 2005 mpaka 2015. Pa zokoka sizinali zodabwitsa, 3.0 inkatulutsa 120 kW ndi 343 Nm, ndipo malire ake okokera sanafike pa makilogalamu 3,000. Zili ndi lamba wa timing wofunika kusintha pa makilomita 150,000, nyali yolembedwa T-BELT imakukumbutsani. Kuzimitsa nyaliyo osasintha lamba, monga amachitira ogulitsa ena osakhulupirika, n'kuika injini yonse pachiswe.

Nthenda yobisika ya D-4D ili pa mawashala a kopa amene amakhala pansi pa ma injector, opopera dizilo mu injini. Akayamba kudontha, utsi wotentha umalowa kumene kuli oyilo, n'kumuphika mpaka kusanduka makala. Makalawo amatsikira pansi, amatseka sefa yokokera oyilo, ndipo injini imanoka mwiniwake akulumbira kuti sevisi sanaphonyepo. Mawashalawo ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi injini, n'chifukwa chake zimandipweteka kuona D-4D yabwinobwino itafa ndi zimenezi.

Injini ya GD-6 imene inalowa m'malo mwa D-4D ili ndi tcheni m'malo mwa lamba. Ya 2.8 inayamba ndi 130 kW, kenako mu 2020 anaikweza kufika pa 150 kW ndi 500 Nm pa otomatiki, ndipo apa ndi pamene Hilux inayamba kupikisana ndi Ranger pachitunda. Chenjerani ndi zochokera ku Britain kapena ku Australia, chifukwa zimabwera ndi DPF, sefa ya mwaye imene imatsekeka galimoto ikamangoyenda timaulendo tafupitafupi ta m'tauni. Ponena za injini ya Hilux ya 5L yakale yopanda turbo, ndi yolimba ndipo simasankha mafuta kwenikweni, koma pa mapiri a Dedza ili ndi ngolo mudzakwera ndi giya yachiwiri njinga zamoto zikukupitirirani.

Ine mtima wanga pa ntchito yokoka tsiku ndi tsiku uli pa Isuzu ya malita atatu, imene tinkaidziwa kuti KB 300 isanasinthidwe dzina kukhala D-Max mu 2018. Injini yake ya 4JJ1 ndi yomwe imayendetsanso malole ang'onoang'ono a Isuzu, ndiye mu pikapu imagwira ntchito yochepera msinkhu wake. Nambala zake n'zofatsa, 130 kW ndi 380 Nm, koma injini yaikulu yosakakamizidwa simatentha msanga ikamakwera ola lathunthu ndi mabelo a fodya opita ku Kanengo. Timing yake ndi ya tcheni ndi magiya, palibe lamba woti muzimuwerengera makilomita. Imalira mokweza ngati lole ndithu, ndipo mavalavu ake amafuna kutchunidwa nthawi ndi nthawi, ntchito imene ambiri amaiwala. Masipeya ake safika paliponse ngati a Toyota, koma m'mizinda amapezeka. Yatsopano ya 4JJ3 imafika pa 140 kW ndi 450 Nm. Ya 1.9 imamwa mafuta pang'ono, koma kukoka zolemera si ntchito yake.

Pa dizilo zonse zitatu zimafanana kufooka. Ndi injini za common rail (dizilo amapopedwa mwamphamvu kwambiri kudzera mu paipi imodzi), ma injector ake safuna madzi kapena fumbi ngakhale pang'ono, ndipo atsopano amafunika kulembetsedwa pa kompyuta ya galimoto asanagwire bwino ntchito. Mafuta akasowa m'dziko tonse timathamangira a m'zigubu, ndipo ena mwa amenewa amakhala osakaniza ndi palafini, amene sateteza pampu kuti isakhulike. Nyali ya madzi a mu fyuluta ikayaka, imani mukhetse pomwepo. Toyota imati sevisi ichitike pa makilomita 10,000 aliwonse, Ford ndi Isuzu amapereka mtunda wotalikirapo, koma ndi fumbi la misewu yathu komanso ngolo kumbuyo, ine ndingafupikitse pa zonse zitatu.

Potsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, kapena phiri la ku Chikwawa kulowera pa Thabwa, mtundu wa galimoto sukupulumutsani. Ikani giya yotsika musanayambe mtsetse, osati mabuleki atayamba kale kununkha.

Ngati mumakhala kutali ndi tauni, kapena galimotoyo mudzaigulitsa patapita zaka zochepa, tengani Hilux, ngakhale mtengo wogulira ndi wowawa. Ngati ngolo imakhala kumbuyo sabata iliyonse, tengani Isuzu 3.0. Ranger 3.2 ndi ya munthu amene ali ndi makaniko mmodzi womukhulupirira ndipo sasintha. Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, pa D-4D pemphani atsitse sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) muone sefa ndi maso anu, pa Ranger onani madzi a rediyeta injini itazizira kenako muonenso mutayenda nayo, ndipo pa Isuzu funsani kuti mavalavu anatchunidwa liti.