Patitaimu ya Chingerezi pa Kasungu boma: amadamu amatha, koma kachipindako eee

Anthu angapo akhala akundifunsa za patitaimu ija ndinamulembetsa mng'ono wangayi, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Ili pa boma pomwepa, ukachoka pa depoti kulowera chakumsika, kuseri kwa mashopu. Amaphunzitsa ndi amadamu ena opuma pantchito, achikulire ndithu. Mwanayu akubwereza Fomu 4, masabujekiti enawo anakhoza koma Chingerezi chinamugwetsa, ndipo mukudziwa kale kuti pa MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, olo Masamu ndi Bayoloje utakhoza bwanji.

Ndalama ndi K10,000 pamwezi, amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba, ngongole sapanga nawo.

Ine ndimakhalako masiku ena ndikaweruka msanga, ndimakhala kumbuyo kumangomvera, ndipo chomwe chinandigwira mtima ndi momwe amaphunzitsira mafunso. Sayamba ndi malamulo a m'buku ayi. Amakuuza kuti funsa kaye mu Chichewa, iwe n'kunena kuti ukuyankhula ndi ndani, ndiye amakuonetsa kuti kwathu kuno ndani, kuti, chiyani timaziika kumapeto, n'chifukwa chake ana amangotembenuza n'kulemba You are talking to who. Kenako amakoka who uja kupita naye kutsogolo, are n'kudumpha you, to yekha n'kutsala kumapeto, Who are you talking to. Mwana wina anafunsa kuti nanga To whom are you talking bwanji, amadamu anati nayonso ndi yolondola, kungoti ndi yam'kalata yofunsira ntchito, ukaiyankhula pa msika anthu akuyang'ana. Koma ukangoyamba ndi to, whom ndiye akutsatira, To who ayi.

Pomwe ndinawagomera kwambiri ndi pa nkhani ya for. Akuti ife tikamati ukugulira ndani, ukudikira chiyani, palibe kamawu kapadera komwe timaika, zonse zili m'kati mwa mneni momwemo, ndiye mwana akafika pa Chingerezi amangoti What are you waiting, n'kuona ngati wamaliza. Ayi ndithu, for akufunika kumapeto. Chimodzimodzi What are you looking at, Where does she come from. Ine sukulu yonse ija palibe anandifotokozerapo choncho, tinkangoloweza.

Za s uja nazonso. She wants, koma likakhala funso s amasamukira kwa does, ndiye What does she want, osati What does she wants, osatinso What did he said. Amadamu amati s ndi mmodzi, sangagone nyumba ziwiri. Ndiye pali ija ya ulemu, anawo amaseka mpaka misozi, poti kwathu bambo mmodzi timati abwera, ali kuti, mwana n'kukalemba Where are my father. Akuti Chingerezi chilibe nazo ntchito zimenezo, kaya ndi agogo kaya ndi a Gulupu, akakhala mmodzi ndi is basi. Amawayesanso ndi zinthu zapamsika, How much is the sugar koma How much are the tomatoes, How many bags are there, mpaka mwana azolowere kuyang'ana kaye kuti chomwe akufunsacho n'chimodzi kapena zambiri asanasankhe is ndi are.

Tsopano zodandaula. Kachipindako n'kakang'ono heve, malata opanda siling'i, mwezi wa Okutobala ndiye thukuta lokhalokha ndipo ana amapanikizana atatu anayi pa benchi imodzi, ukachedwa ukhala pakhomo bolodi osaliona. Magetsi akazima amangodalira matochi a mafoni. Komanso nthawi sasunga, amati kuweruka ndi 6 koloko koma akalowa m'nkhani amafika nayo mdima, ndiye kwa mtsikana wokhala kutali ngati ku Chiwengo uwerengerenso ya kabaza tsiku ndi tsiku. Makope amachedwa kuchonga, nthawi zina sabata yathunthu. Ndipo amakalipa amayiwa, mwana wamanyazi akhoza kuthawa masiku oyamba omwe, wanga naye anatsala pang'ono.

China, mphamvu zawo zonse zili pa galamala. Kompozishoni amangodutsamo, mabuku a litilecha ndiye sindinaonepo akuwagwira, choncho ngati mwana wanu vuto lake lili kumeneko musakere kwina kapena muonjezere wina.

Koma wa ine pano akumalemba mafunso bwinobwino, mameseji ake a pa WhatsApp asintha, mpaka wayamba kumakonza alamu ake akalakwitsa, zomwe alamuwo sakukondwa nazo. Temu ya mawa ndimulipiriranso. Ofuna kupita muzifika isanakwane 4 koloko kuti mupeze malo kutsogolo, ndipo tengani botolo la madzi.