Ndemanga: ulendo wa masiku awiri woona malo osungirako mbiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje

Kampani yaing'ono yonyamula alendo imene tikuinena pano imagulitsa maulendo awiri a ku Chigwa cha Shire, wina wa tsiku limodzi, wina wa masiku awiri. Onse amayambira ku Blantyre, ngakhale magulu a ku Chikwawa ndi ku Nchalo amatha kukwerera panjira. Ife tinatenga wa masiku awiri, ndipo tikuupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Wa tsiku limodziwo musautenge, chifukwa chake muchiona m'munsimu.

Choyamba kudziwa n'chakuti malo osungirako zakale a kuno si ngati nyumba ya ku Chichiri ku Blantyre, kumene munthu angathe maola akungowerenga zolembedwa pakhoma. Kuno ndi tizipinda ting'onoting'ono, manda a pansi pa mitengo, ndi nkhalango yopatulika imene simulowamo mwachisawawa. Wongoyang'ana ndi maso amamaliza chipinda chonse m'mphindi khumi n'kuyamba kufunsa za nsima. Ndalama zanu zimagula zinthu ziwiri: munthu wodziwa kufotokoza, ndi nthawi yokwanira yomumvera. Choyambacho kampaniyi ili nacho ndithu. Chachiwiricho imachita nacho umbombo.

Galimoto imanyamuka 6 koloko m'mawa, ndipo nthawi imeneyi ndi yoyenera. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, koma msewu wa M1 umatsika chiphedi chokhotakhota mpaka pa Thabwa, ndipo dalaivala wanzeru satsika pamenepo akuponda mabuleki okhaokha. Wa kampaniyi amatsika ndi giya yotsika, pang'onopang'ono, ndipo tikumuyamikira. Amaimanso pamalo amodzi pamwamba kuti anthu aone chigwa chonse, Shire akuyenda mokhotakhota, minda ya nzimbe ili biliwiri kummwera. Wofotokoza amayambira pomwepo kuloza kumene kuli Kapichira ndi kumene kuli dambo la Elephant Marsh, ndipo izi zimathandiza kwambiri pa zonse zotsatira, chifukwa munthu amakhala ali ndi mapu m'mutu.

Mukawoloka mlatho wa Kamuzu, malo oyamba ndi manda a amishoni a UMCA, mishoni ya mpingo wa Anglican, ku Chikwawa, a Henry Scudamore ndi Dr John Dickinson, amene anamwalira mu 1863. Manda paokha sanena zambiri. Wofotokoza ndi amene amawapatsa pakamwa: mishoni inayamba ku Magomero mu 1861, inasamukira kwa Chibisa m'mbali mwa Shire mu 1862 chifukwa cha nkhondo ndi njala, ndipo kuchigwa kuno matenda anapha ena mwa iwo mmodzimmodzi. Chimene chinatikondweretsa n'chakuti sanaimire pa azungu okha. Anafotokoza za Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kutsala kuno, ndi mmene anasandukira mafumu pakati pa Amang'anja, mpaka lero tili ndi Kasisi, Maseya, Katunga ndi Mlilima. Ana a sukulu a ku Chikwawa amene amatchula maina amenewa tsiku ndi tsiku amadzidzimuka akamva kumene anachokera. Apa pokha pakufunika mphindi 40, koma ndondomeko ya kampani yaika 20.

Kuchoka pa boma kupita ku chipata cha Majete ndi makilomita pafupifupi 20. Pachipatapo pali kanyumba kosungirako zakale ndi kogulitsirako zinthu za anthu a m'midzi yozungulira, kuphatikizapo uchi. Nkhani yaikulu pamenepa ndi ya nkhalangoyo: nyama zinali zitatha ndi alenje, bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2003, zipembere zinabwezedwa chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, mikango mu 2012. Chapafupi pali mathithi a Kapichira, pamene sitima ya Livingstone, Ma Robert, inalephera kupitirira mu 1859, ndi manda a Richard Thornton, katswiri wa miyala amene anamwalira mu Epulo 1863. Wofotokoza amalumikiza bwino zakale ndi zatsopano: mathithi omwewo amene anatsekera azungu njira ya pamadzi ndi amene lero amapukusa makina a magetsi, ndipo namondwe wa Ana atagumula damu mu Januwale 2022 dziko lonse linamva kuwawa kwa mdima.

Apa pali msampha wa ndalama umene muyenera kuudziwa. Mtengo umene kampani imakuuzani pafoni ndi wa galimoto, mafuta, wofotokoza ndi malo ogona. Ndalama yolowera pa zipata za nkhalango siili m'menemo, ndipo sanena pokhapokha mutafunsa. Mtengo wa pachipata umasiyana kwa Mmalawi, mlendo wokhala m'dziko muno ndi mlendo wakunja, choncho aliyense atenge chitupa chake cha unzika. Tengani ndalama za m'manja, zosinthasintha, chifukwa netiweki imavuta m'malo ena ndipo kulipira pafoni kumatha kukanika gulu lonse lili pamzere padzuwa.

Masana ulendo umalowera kummwera, kudutsa pa Dyeratu, n'kukhotera kumadzulo musanafike pa Nchalo, kudzera m'minda ya nzimbe mpaka pa chipata cha Lengwe. Pamenepa ndi pamene pali Tisunge, malo amene anakhazikitsidwa kuti asunge chikhalidwe ndi mbiri ya anthu a ku Chigwa cha Shire, okhala ndi kanyumba koonetserako zakale, laibulale, ndi malo owombera nsalu. Kwa ife apa ndiye pamtima pa ulendo wonse, ndipo wofotokoza wa kampaniyi amaonetsa luso lake lenileni pano. Amayenda ndi kabokosi kake ka zinthu zoti anthu agwire ndi manja. Amatulutsa thonje la m'munda, kukupatsani kuti muchotse njere ndi zala, kenako kulimwaza mpaka lifewe, n'kuyamba kupota pa kamtengo kokhala ndi cholemetsa kumunsi. Ulusi wa munthu woyamba kumene umaduka pafupipafupi. Chifukwa chake n'chimodzi: amakoka thonje msanga kamtengo kasanazungulire mokwanira, ndiye ulusi umatuluka wopanda mphamvu. Akapotetsanso mopitirira, ulusi umadzipinda n'kupanga mfundo. Munthu akalimbana ndi zimenezi kwa mphindi zisanu amamvetsa kuti nsalu imodzi ya Amang'anja inkadya masiku angati, ndi chifukwa chake inali chuma chosinthanitsa ndi zinthu zina kale nsalu za m'sitolo zisanafike.

M'kabokosimo mulinso mapale a mbiya okhala ndi mizere yojambulidwa kukamwa, ndi chibulumwa chakuda, cholemera, chobowokabowoka, chimene chinkatsala m'ng'anjo akamasungunula chitsulo. Amafotokozanso za mchere wa kuchigwa: kupala dothi loyererako pamwamba, kuliika mu mphika wobowola pansi woyalamo udzu, kuthira madzi kuti atcheze, kenako kuphika madziwo mpaka aphwe n'kutsala mchere. Moto ukachuluka kumapeto mchere umapserera n'kuwawa, dothi likapanda kutchezedwa bwino umatuluka wofiira ndi mchenga. Zonsezi amazinena mu Chimang'anja chomveka, ndipo akapeza gulu la ku Nsanje amasinthira ku Chisena popanda vuto. Kapepala kamene kampani imagawa n'kachingerezi chokhachokha, zimene n'zomvetsa chisoni poona kuti ambiri okwera galimotoyi ndi ana a sukulu za pulayimale ndi magulu a mipingo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa ndi pamene ndondomeko ya kampaniyi imatilakwira. Aika ola limodzi la malo amenewa pamodzi ndi kulowa mu Lengwe kukaona nyama zotchedwa nyala. Sizikwana. Nyala amaoneka bwino m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, munthu atakhala chete m'kanyumba kobisalira pafupi ndi dziwe, osati 2 koloko masana galimoto ikulira. Pemphani kuti mufike pa Tisunge cha m'ma 2 koloko, mukhalepo ola ndi theka, kenako mulowe m'nkhalango cha m'ma 4 koloko. Kampani imavomera mukanena pa nthawi yolembetsa, koma mukanena muli panjira dalaivala amakana chifukwa mafuta ndi maola anawerengeredwa kale.

Kugona ndi ku Nchalo. Zipinda n'zaukhondo, maneti a udzudzu alipo, koma yang'anani ngati sanabowoke musanazime nyali, chifukwa udzudzu wa m'minda yothirira sugona. Funsani chipinda chokhala ndi fani.

Tsiku lachiwiri ndi la ku Nsanje, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Nchalo, kudutsa pa Ngabu, Bangula ndi kwa Tengani. Cholinga ndi Khulubvi, kachisi wa Mbona, amene kuyambira 2011 ali pa mndandanda woyembekezera wa malo a chikhalidwe a UNESCO. Pano tinene mosabisa: kapepala ka kampani kaika Khulubvi pamzere umodzi ndi malo oonetsera zakale, ndipo uku n'kulakwitsa. Khulubvi ndi malo opembedzera amoyo, kumene anthu amapereka nsembe zopempha mvula, ndipo ali ndi eni ake. Simufika n'kutsika galimoto kamera ili m'manja. Uthenga uyenera kupita kwa amfumu ndi akuluakulu oyang'anira malowo masiku angapo ulendo usanachitike, ndipo iwo ndi amene amanena ngati mulowe, mufike pati, ndi ndani akuperekezeni. Nsapato zimavulidwa. Mtundu wa zovala za kwa Mbona ndi wakuda, choncho zovala zowala ndi zofiira zisiyeni m'chikwama, amayi atenge chitenje chakuda. Simuthyola nthambi, simutola kanthu, simujambula musanaloledwe. Ka m'manja kopereka kwa akuluakulu kakonzedwe pasadakhale ndipo kaperekedwe ndi mtsogoleri wa gulu mwaulemu, osati aliyense kusolola m'thumba pamaso pa anthu.

Wofotokoza amazidziwa zonsezi ndipo amawalangiza anthu galimoto isanaime. Vuto lili ku ofesi ya kampani, imene imatumiza uthenga mochedwa, nthawi zina dzulo lake. Zikatero gulu limatha kuima kunja kwa nkhalango n'kumvera nkhani pansi pa mtengo. Nkhaniyo ndi yokoma ndithu, ya Mbona wodziwa kuitana mvula, kuthawa kwake adani, kuphedwa kwake, mutu wake kuikidwa ku Khulubvi, mkazi wake wotchedwa Salima amene amakhala pa kachisi, ndi udindo wa Lundu ndi mafumu ena pomanganso kachisiyo akagwa. Koma munthu amene walipira mtunda wonsewo ali ndi ufulu wodziwa asananyamuke ngati chilolezo chapezeka. Imbani foni sabata imodzi ulendo usanafike, ndipo funsani mwachindunji kuti uthenga wapita kwa ndani ndipo yankho labwera lotani. Akayamba kuzungulira, sunthani tsiku.

Pa boma la Nsanje amaimapo pang'ono kuonetsa njanji yakale ndi doko. Nsanje ankatchedwa Port Herald, ndipo njanji yochokera kumeneko inafika ku Blantyre mu 1908. Doko latsopano linatsegulidwa ndi Bingu wa Mutharika mu Okutobala 2010 koma sitima za katundu sizinayambe kuyendapo. Theka la ola n'lokwanira. Manda a Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri wa amishoni a UMCA aja, amene anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato lake litagubuduzika n'kutaya mankhwala a malungo, kampani imawalemba ngati malo owonjezera. Kukafika ku Chiromo kuchokera pa Bangula kumafuna bwato, popeza madzi anadula njira pa Mtayamoyo mu 1997. Kampani ilibe majekete oyandamitsa okwanira gulu lonse, choncho ndi ana a sukulu musayerekeze.

Tsopano mukuona chifukwa chake ulendo wa tsiku limodzi ndi wotaya ndalama. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Nsanje ndi makilomita pafupifupi 180, kupita ndi kubwerera 360, ndipo maola ambiri amathera m'galimoto. Malo alionse mumangosuzumira.

Galimoto yake ndi minibasi ya anthu 15, yosamalidwa bwino, koma ndi yotsika. Pa tala palibe vuto. Pa misewu yafumbi yolowera ku zipata imagunda pansi ikadzaza, ndipo mvula ikagwa dothi lakuda la kuchigwa limamata matayala mpaka kutitimira. Gulu lisapitirire anthu 12, kuti galimoto ipepuke ndiponso kuti aliyense akwane m'tizipinda tija n'kumva wofotokoza. Madzi amene kampani imapereka ndi botolo limodzi la theka la lita pa munthu, zimene kuchigwa kuno n'zosakwana ngakhale pang'ono. Werengerani malita atatu pa munthu pa tsiku, ndipo musadalire mijigo ya panjira chifukwa yambiri madzi ake ndi amchere. Tengani mapaketi a Thanzi ORS, zipewa, ndi nsapato zosavuta kuvula.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pofika 11 koloko palibe amene akumvanso za Amakololo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi nthawi ya madzi osefukira, monga zinachitikira mu Januwale 2015 ndi mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy, ndipo milatho ndi misewu imatha kuduka usiku umodzi. Kampani imalandira ndalama za miyezi imeneyi popanda kunena kuti idzabweza ulendo ukalephereka. Musanapereke theka loyamba la ndalama, mfundo imeneyo ilembedwe pa lisiti, pamodzi ndi dzina la wofotokoza amene mwagwirizana kuti ndiye adzakwere nanu.